Za mwala wa chiliza: yang'anani mbali yomwe sanapolishe

Amai, pepani ndi imfa ya bambo anu. Mwati mukufuna kuika chiliza ku manda a Leopards Hill ku Lusaka, koma ogulitsa aliyense akuti wake ndi granite, mitengo n'kusiyana kutalitali, ndiye mwasowa pogwira. Ine ndikuti musayambire pa mtundu kapena kunyezimira. Apempheni akutembenuzireni mwalawo muone m'mbali kapena kumsana komwe makina sanadutse, chifukwa kumeneko mwala sunama.

Granite ndi mwala womwe unali chiphalaphala chotentha, n'kuzizira pang'onopang'ono pansi penipeni pa nthaka. Poti unazizira mosafulumira, timibulu take tinapeza nthawi yokula, ndipo mumationa ndi maso. Mupeza totuwa tooneka ngati galasi, ndiye quartz. Toyera kapena tofiirira, ndiye feldspar. Ndi timadontho takuda tonyezimira ta mica. Chofunika kwambiri n'chakuti timibuluto tikhale tolumana tokhatokha, popanda china chotimata pakati. Mukaona tizidutswa ta miyala titakhala patalipatali m'kati mwa chinthu chosalala cha mtundu umodzi, imeneyo ndi terrazzo, youmba ndi simenti. Siyoipa kwa amene ndalama zachepa, koma asakulipiritseni mtengo wa granite.

Chiphalaphala chikatulukira kunja chimazizira msanga, timibulu n'kukhala tating'ono kwambiri moti simungatione. Amene munafikako ku Livingstone mwaona miyala yakuda ya m'zigwembe za kumunsi kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Imeneyo ndi basalt, ya zaka pafupifupi 180 miliyoni, ndipo ina ili ndi timabowo momwe munali mpweya pamene inkauma. Mwala wa timabowo totere musautenge, umasunga madzi ndi fumbi.

Wakuda womwe ambiri timaukonda pamanda, uja amati black granite, kwenikweni akatswiri amautcha dolerite kapena gabbro, ndipo wambiri umachokera ku Mutoko ku Zimbabwe ndi ku Rustenburg ku South Africa. Dzinalo lisakudetseni nkhawa, ndi mwala wolimba zedi. Ineyo ndikadasankha umenewu, makamaka wa timibulu tating'ono tofanana, chifukwa zilembo zozokota zimatuluka bwino ndipo zidzukulu zidzawerenga dzina la agogo awo mosavutika. Pa granite ya mibulu ikuluikulu ya mawangamawanga, zilembo zing'onozing'ono zimasokonekera, ndipo mukafuna kuzokotapo nkhope ndiye siioneka n'komwe.

Chenjerani ndi marble. Lusaka wathuyu wakhala pa marble ndi dolomite, miyala yomwe amayi amaswa m'mbali mwa misewu ija, choncho ndi yosavuta kupeza ndipo ikapolishidwa imakongola. Koma siinachokere ku chiphalaphala, ndipo madzi amaidya pang'onopang'ono. Maenje ndi mapanga a pansi pa Kanyama ndi Misisi anabwera motero. Pamanda, pamtetete, dzinja lililonse ikunyowa, kunyezimira kumatha ndipo zilembo zimafufutika. Tengani msomali popita. Mukakanda pakona yobisika, marble imakandika n'kutulutsa ufa woyera, pomwe pa granite msomali umangoterereka. Mukhozanso kudontheza viniga pa ufawo: ukachita thovu, si granite.

Mwala wakuda muupukutenso ndi kansalu koyera konyowetsa ndi acetone, mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo aja, poti ena amapaka utoto mwala wotuwa kuti ude. Kansaluko kakada, usiyeni. Mukatero muuthire madzi n'kudikira uume: mng'alu wobisika umatsala wonyowa ngati kamzere. Madontho a dzimbiri nawonso ndi chizindikiro choipa, amakula ndi mvula.

Ngati malirowo ndi a chaka chino, lolani manda adutse dzinja limodzi dothi likhazikike, kenaka amange maziko a konkire okhala ndi zitsulo. Mwala wotere ndi wolemera kwambiri, ndipo ziliza zambiri zomwe mumaziona zitapendekeka, vuto linali maziko.