Dera Lathu Lafiira pa Mapu

Funso: Pa mapu a zaumoyo a pa intaneti, dera lathu lafiira pa matenda otsegula m'mimba. Kodi madzi athu ndi oipa?

Yankho: Musafulumire kuda nkhawa. Onani kaye kabokosi kofotokoza mitundu: akuwerenga odwala onse, kapena odwala pa anthu 1,000 alionse? Akawerenga onse, dera la anthu ambiri limafiira msanga. Dinani pa deralo muone chaka cha ziwerengerozo. Dziwaninso kuti mapu ena amaika odwala pamene pali chipatala, osati kumene amakhala, ndiye dera la chipatala chachikulu limaoneka lodwalitsa. Kenako yatsani gawo la mapu loonetsa zitsime ndi zimbudzi, ngati lilipo. Zikayandikana osakwana mamita 30, pemphani a zaumoyo ayeze madziwo ngati muli E. coli, tizilombo topezeka m'chimbudzi cha anthu ndi nyama.