Bambo akuti ndisapite ku koleji, ndiyang'anire munda

"Ndine mnyamata wa zaka 19 wa ku Kasungu ndipo ndakhoza bwino mayeso a MSCE. Bambo amalima fodya, soya ndi chimanga pa maekala 12, koma mphamvu zayamba kuwathera. Akuti ndikhale pakhomo chifukwa achimwene anga onse ali m'tauni. Ine mtima uli ku koleji. Nditani?"

Mwana wanga, pita kusukulu, koma usautaye mundawo. Bambo ako sakudana ndi maphunziro ayi. Akuopa kuti zigafa zomwe anamanga ndi thukuta lawo zidzagwa popanda wozidzutsa, ndipo mantha amenewo ndi omveka.

Mwayi uli nawo pafupi. Ku Kasungu komweko kuli Mwimba College of Agriculture, ya bungwe la ARET lomwe limachita kafukufuku wa fodya. Ku Lilongwe kuli yunivesite ya za ulimi ya LUANAR, nthambi ya ku Bunda ndi ya NRC, komwe kuli maphunziro a ulimi ngati bizinesi. Ukawauza bambo kuti ukukaphunzira za munda womwewo, nkhani idzafewa.

Chomwe ndikufuna uyambe chaka chino ndi kope. Alimi ambiri a msinkhu wa bambo ako amasunga zonse m'mutu: matumba a feteleza, ndalama za aganyu, ngongole ya kukampani, mitengo ya ku okushoni ya Chinkhoma. Mutuwo ukadwala, bizinesi nayonso imagona. Khala nawo pakhonde madzulo, iwo azinena, iwe uzilemba. Belo lililonse likapita kumsika, tenga pepala la malonda uone zomwe adula: za mayendedwe, msonkho, ngongole. Mwina mudzadabwa nonse awiri kuona kuti soya, yemwe amamuyesa wongothandizira, wasiya phindu looneka chifukwa safuna manja ambiri ngati fodya.

Tsono nkhani yomwe mabanja amaizemba mpaka tsiku la maliro: malowo ndi a yani? Kwathu kwa Achewa munda nthawi zambiri umatsata mbumba ya kuchikazi. Ngati bambo ako analandira malowo kwa amayi awo kapena kwa atsibweni awo, ana a alongo awo akhoza kudzati ndi awo, iwe utathiramo kale zaka khumi. Funsa mwaulemu pamene bambo adakali moyo. Lamulo la Customary Land Act la 2016 linatsegula njira yolembetsera malo a makolo, ndipo la Deceased Estates Act la 2011 limateteza mkazi wamasiye ndi ana kwa olanda chuma. Koma wilo yolembedwa bwino, ndi kukambirana pamaso pa amfumu, mayi ako, achimwene ndi alongo ako, zimatseka pakamwa pa mkangano usanabadwe.

Kwa inu bambo, ngati mwanayu akuwerengerani izi: musadikire kuti adzalandire zonse tsiku limodzi. Mpatseni ekala imodzi dzinja likubwerali. Asankhe yekha mbewu, agule yekha zipangizo, agulitse yekha, ndalama agwire yekha. Akalakwitsa, mulangizeni, koma musamulande khasu. Akakhala kusukulu, mayi ake aziyang'anira ekalayo ndipo iye azilipira aganyu pafoni. Ndipo mugwirizane poyera kuti akadzabwera kudzagwira ntchito yonse azidzalandira zingati pamwezi, chifukwa mawu oti "zonsezi ndi zako" sagula sopo ngakhale kumusunga mnyamata pamudzi.