Kulowa ku Fiji n'kosavuta, mutu umapweteka pobwerera

Ikangofika Disembala, inu amene mwangobwera kumene kuno ku Australia mumayamba kundifunsa za Fiji. Sukulu yatseka, tikiti yopita kumudzi yadula kwambiri, ndiye maso amagwera pa zilumba zapafupi. Kuchokera ku Sydney, ndege imatenga maola pafupifupi anayi kukatera ku Nadi, kumene eni ake amakutchula kuti Nandi.

Ndi pasipoti ya Malawi simufunsira viza musananyamuke. Chimodzimodzinso anzathu a ku Zambia ndi Zimbabwe. Mukatera amakudindirani chilolezo cha mlendo chofika mpaka miyezi inayi. Amangofuna tikiti yobwererera, malo amene mukagone, umboni woti muli ndi ndalama zodyera, ndi pasipoti yoti ikhale itatsala ndi miyezi 6 kuchokera tsiku lochoka m'dzikomo. Werengani masikuwo ndi zala, chifukwa kukonzetsa pasipoti yakwathu muli kunja kuno si nkhani ya sabata imodzi. Chilolezocho si cha ntchito, musakayambe maganyu pa hotela.

Tsono pano mumvetsere, abale anga. Ambiri amangoganiza za khomo lolowera ku Fiji, aiwala khomo la nyumba imene atulukamo. Musanagule tikiti, tsegulani VEVO, tsamba la pa intaneti la boma loonerapo ma viza, muone viza yanu ya Australia. Ngati yakale inatha ndipo mukudikira yankho la viza yatsopano muli pa viza yoyembekezera ija ya Bridging visa A, mukangotuluka m'dziko muno vizayo yafa pomwepo, ndipo ndege yobwerera sikunyamulani. Yoyendera ndi Bridging visa B, ndipo muyenera kuilandira muli mkati muno, osati kuifunsira muli pagombe ku Denarau, malo a mahotela pafupi ndi Nadi. Munthu akakakamira kumeneko, lendi kuno ikuwerengabe, abwana akuntchito akuimba foni, hotela nayo ikudya ndalama usiku uliwonse. Kunena zoona, ine ndikanakhala pa Bridging visa ndikanangokhala pansi n'kudikira. Nyanja sithawa.

Ena mumafuna kuitana amayi kapena mlongo wanu kuchokera kumudzi kuti mukakumane ku Fiji komweko, poti kulibe za viza. Nzeru yake ndi yabwino, koma yang'anani njira. Ndege ikadzera ku Sydney, Mmalawi amafunika viza yodutsira ya Australia, ija ya 771, ngakhale asatuluke n'komwe m'bwalo la ndege. Ndi yaulere ndipo imalola maola 72, koma popanda iyo amawakaniza kukwera ndege ali ku Johannesburg konko. Ku Auckland, ku New Zealand, nakonso kuli lamulo lake lodutsira. Fiji Airways ili ndi ndege zochoka ku Singapore ndi Hong Kong molunjika ku Nadi, yesani kufananitsa mitengo.

Usipa, ufa ndi mtedza zija amayi sangasiye kumbuyo, muwauze azilembe pa fomu yofikira. Kumeneko za zakudya, mbewu ndi nyama sasewera nazo, ndipo chindapusa chake chimaposa mtengo wa katunduyo.

Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nyengo ya mvula ndi namondwe, ngati kwathu komwe, choncho ndege zimatha kuimitsidwa. Musaike tsiku lobwerera pafupi ndi tsiku lothera viza kapena lotsegulira sukulu. Mukaitanidwa kumudzi wina ku Fiji, vulani chipewa ndipo munyamule mtolo wa mizu ya kava, chomera chimene amapangira chakumwa cha pamwambo, wokapereka kwa amfumu. Amautcha sevusevu, ndipo mizuyo mukaipeza pamsika wa Nadi.