Kodi prednisolone akundithera mafupa?

Mayi ena a zaka 54 atilembera pa imelo. Akudwala nyamakazi yotupitsa mfundo za zala ndi mawondo, ndipo amwa prednisolone wa 10 mg tsiku lililonse kwa miyezi isanu ndi itatu. Amva kuti mankhwalawa amafooketsa mafupa, ndiye akufunsa ngati angowasiya.

Mayi, chonde musawasiye panokha. Munthu akamwa ma steroid, gulu la mankhwala lomwe muli prednisolone, kupitirira milungu itatu, tiziwalo ta pamwamba pa impso timachepetsa kupanga cortisol, steroid wachilengedwe yemwe thupi limadalira. Mukasiya mwadzidzidzi mutha kufooka, kusanza, BP kutsika kwambiri mpaka kukomoka. Mlingo amatsitsa ndi adokotala, pang'onopang'ono.

Koma zomwe mwamvazo nzoona. Fupa ndi chinthu chamoyo: maselo ena amagumula lakale, ena amamanga latsopano. Prednisolone amafooketsa omangawo, pomwe poyambirira ogumula amagwira ntchito mowirikiza. Amachititsanso kuti matumbo asatenge calcium wokwanira m'chakudya, wina nkumatayikira mumkodzo. Minofu ya m'ntchafu nayo imalefuka, kugwa kumakhala kosavuta. Kwa inu palinso zina ziwiri: kutupa kwa nyamakaziko pakokha kumadya fupa, ndipo ngati munasiya kusamba, estrogen yemwe amateteza mafupa anachepa kale.

Chomwe chimatidetsa nkhawa ndi liwiro lake. Fupa limatha msanga kwambiri m'miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi yoyambirira, ndipo ngakhale mlingo wa 2.5 mg patsiku, ukapitirira miyezi itatu, umafuna kuunika mafupa. Choncho chitetezo chimayenera kuyamba limodzi ndi mankhwalawo, osadikira ululu. Mafupa a msana ndi nthiti ndi omwe amayamba, popeza mkati mwake ndi mwa timabowotimabowo. Fupa la msana litha kuphwanyika popanda kupweteka konse. Munthu amangozindikira kuti wafupika, kapena wayamba kuwerama.

Mukapita kuchipatala, pemphani akuyezeni msinkhu ndi kuulemba, kuti muzifanizira chaka ndi chaka. Komwe kuli makina a DXA, oyezera kulimba kwa mafupa, jambulitsani msana ndi chiuno, podziwa kuti amene ali pa ma steroid amatha kuthyoka fupa zotsatira zake zikuoneka zabwinoko. Funsaninso ngati mankhwala ena a nyamakazi ngati methotrexate angathandize kuti prednisolone atsike.

Calcium muzipeza 1,000 mpaka 1,200 mg patsiku, kuwerengera chakudya ndi mapiritsi pamodzi, ndi vitamini D 600 mpaka 800 IU. Pa zaka zanu ndi mlingo umenewu, ife tikuona kuti ziwirizi pazokha sizikwanira. Ambiri amapatsidwa mankhwala oteteza mafupa otchedwa alendronate, 70 mg kamodzi pamlungu, ndipo apa mpamene anthu amalakwitsa. Mumwe m'mawa musanalawe kanthu, ndi tambula yodzaza madzi okhaokha. Tiyi, mkaka kapena piritsi la calcium zimamanga mankhwalawa, thupi osawalandira. Kenako khalani tsonga kapena imani kwa mphindi 30 osadya, osagona, chifukwa piritsi likabwerera kummero limayambitsa zilonda. Amene amavutika kumeza angalandire zoledronic acid wa 5 mg kudzera m'dripi kamodzi pachaka. Musanayambe aliwonse mwa awiriwa, ayeze impso, calcium ndi vitamini D m'magazi, ndipo dzino lofunika kuzula lizulidwe kaye, popeza mwa apo ndi apo nsagwada imachedwa kupola. Amayi omwe akufuna kudzatenga pathupi anene msanga.

Muziyenda tsiku lililonse ndi kulimbitsa ntchafu podzuka pampando osagwirira manja. Fodya asiyidwe, mowa uchepe.

Msana ukapweteka mwadzidzidzi mutanyamula kanthu kapena kutsokomola, musangoutikita, kajambulitseni. Chimodzimodzi ululu wa m'mphechepeche poyenda: ma steroid nthawi zina amatseka magazi opita kumutu kwa fupa la ntchafu, ndipo vuto limeneli makina ojambulira a MRI amaliona msanga kuposa X-ray.