Ankatsogolera a Rough Riders ndani, nanga mahatchi awo anali kuti?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa aphunzitsi ena a kusekondale. Akuti anaona chithunzi cha Theodore Roosevelt, amene pambuyo pake anakhala pulezidenti wa America, ali pahatchi, kumbuyo kwake chikhamu cha anyamata okwera mahatchi chikuthamangira kuphiri ku Cuba. Akufunsa ziwiri: kodi gulu limeneli, lotchedwa Rough Riders, linalidi la Roosevelt, nanga phirilo analilandadi ali pamahatchi?

Aphunzitsi, funso lachiwirilo ndi losavuta. Anakwera phirilo wapansi, thukuta lili kamukamu. Loyambalo ndiye lofuna tikhale kaye pansi.

Pa 15 Febuluwale 1898 sitima yankhondo ya America yotchedwa Maine inaphulika padoko la Havana n'kupha anthu oposa 260. Nyuzipepala za ku America zinaloza chala dziko la Spain, limene linkalamulira Cuba, ndipo pofika Epulo nkhondo inayambika. Koma eni dziko, anthu a ku Cuba, anali atayamba kale kumenyera ufulu wawo mu 1895. America inali ndi asilikali pafupifupi 28,000 okha, choncho Pulezidenti William McKinley anaitana anthu wamba 125,000 kuti adzipereke. Mwa magulu atatu a okwera mahatchi amene anakhazikitsidwa mwa njira imeneyi, loyamba lokha ndi limene linakafika kunkhondo. Dzina lake la m'mabuku a boma linali 1st United States Volunteer Cavalry. Linalo anawapatsa ndi atolankhani.

Roosevelt nthawi imeneyo anali ndi zaka 39, wachiwiri kwa nduna yoyang'anira asilikali apamadzi, ndiponso mmodzi mwa anthu amene ankaikolezera nkhondoyi. Nduna ya zankhondo, Russell Alger, inamuuza kuti atenge gululo akhale mkulu wake. Iye anakana. Anati zoyendetsa asilikali sakuzidziwa, bola mpandowo upite kwa mnzake Leonard Wood, iye akhale wachiwiri. Anthu amamudziwa Roosevelt ngati munthu wokonda kuonekera, ndipo sanama, koma apa anadziyeza bwino.

Wood anali dokotala wa asilikali, amene ankasamaliranso banja la McKinley. Mu 1886 anali nawo pa ulendo wowawa wosakasaka Geronimo, mtsogoleri wa anthu a mtundu wa Apache, m'mapiri a kumalire a Mexico. Ankadziwa kuti mu ofesi za boma katundu amapita kwa amene wafika msanga ndi mapepala olembedwa bwino. Anathamanga nawo mapepalawo, ndipo gulu lake linalandira mfuti za Krag-Jørgensen, zomwe ankagwiritsa ntchito asilikali enieni, za wonga wosatulutsa utsi. Magulu ena ambiri a odzipereka anapatsidwa mfuti zakale za Springfield. Ukawomba imeneyo utsi woyera umati tolotolo pamene wabisalapo, ndiye mdani amene ali ndi mfuti ya Mauser amangoloza pa utsipo. Ku Cuba ena mwa magulu amenewa anachita kuuzidwa kuti aleke kuwombera. Chimenechi chokha chikukwanira kuti dzina la Wood lisamasowe m'nkhaniyi.

Anthu ake anali osakanikirana modabwitsa. Ambiri anali abusa a ng'ombe, alenje ndi okumba migodi a ku Arizona, New Mexico, Oklahoma ndi Indian Territory, kuphatikizapo a mitundu ya Cherokee ndi Creek. Pakati pawo panalowa ana a mabwana ochokera ku mayunivesite a Harvard ndi Yale, komanso apolisi a ku New York amene Roosevelt anawatsogolerapo kale. Onse pamodzi anapitirira 1,000, ndipo anaphunzitsidwa ku San Antonio, Texas, m'mwezi wa Meyi. Kukwera hatchi ndi kuwombera ankadziwa kale. Chimene ankasowa ndi mwambo wausilikali, ndipo wachiwiri kwa mkulu wawo ankausowanso. Tsiku lina ataguba padzuwa, Roosevelt anaimitsa anyamata pamalo ogulitsira mowa n'kuwagulira onse ndi ndalama zake. Wood anamuitana madzulo n'kumudzudzula kuti bwana womwa ndi asilikali ake sayenera udindo. Roosevelt anavomera kuti wapusa.

Mahatchi anathera ku Tampa, Florida. Padokopo panali chipwirikiti chosaneneka, sitima zochepa, asilikali mbwee. Lamulo linabwera loti timagulu 8 tokha mwa 12 ndi timene tipite, mahatchi atsale kupatula a mabwana. Amene anasankhidwa kutsala kuti azidyetsa ziwetozo ena analira misozi. Opitawo anadikira sitima yapamtunda usiku wonse osabwera, mpaka anangolanda mabogi onyamula malasha n'kukafika kudoko ali bii. Atamva kuti sitima ya Yucatan yalonjezedwanso kwa magulu ena awiri, Wood anakwera kaboti n'kukaigwira isanakocheze, Roosevelt akuthamangitsa anyamata kuti akatseke polowera. Anatsikira ku Daiquirí pa 22 Juni, pagombe limene asilikali a ku Cuba a Calixto García anathandiza kuyeretsa. Imodzi mwa mahatchi awiri a Roosevelt inamira poitsitsa. Anyamata ozolowera chishalo aja anayamba kuyenda wapansi m'nkhalango yotentha atasenza katundu, mpaka anadzipatsa dzina lachipongwe loti oyenda otopa a Wood.

Pa 24 Juni anakumana ndi a Spain ku Las Guásimas, m'kanjira ka m'thengo momwe mdani sankaoneka. Mwa a Rough Riders anafa 8, kuphatikizapo Kaputeni Allyn Capron ndi Sajeni Hamilton Fish. Tsiku limenelo wolamula anali Wood, ndipo amene anamuona ankasimba za kudekha kwake pakati pa zipolopolo. Patangopita masiku ochepa mkulu wa pamwamba pawo, Samuel Young, anagwidwa ndi malungo. Wood anakwezedwa kukatenga malo ake, gulu lija n'kutsala m'manja mwa Roosevelt. Ndiye mukafunsa kuti linali la yani, kuyambira ku San Antonio mpaka kumapeto kwa Juni linali la Wood, ndipo tsiku lalikulu la 1 Julayi, lolanda phiri lija, linapeza lili la Roosevelt.

Za kulimba mtima kwake tsikulo palibe wotsutsa. Anyamata atagona m'maudzu akulasidwa, kudikira lamulo lochedwa, Kaputeni Buckey O'Neill, meya wa ku Prescott, ankayendayenda patsogolo pawo akusuta fodya mpaka chipolopolo chinamulowa m'kamwa. Lamulo litafika, Roosevelt anakwera hatchi yake, Little Texas, kuti onse amuone, munthu wa maso ofooka amene anasokerera magalasi apadera m'zovala kuopa kuti ena angasweke. Anakwera nayo mpaka pa mpanda wa waya waminga, pomwe anatsika n'kumaliza wapansi. Phiri limenelo linali Kettle Hill. San Juan Hill yeniyeni inali cha pambali, ndipo anailanda ndi asilikali ena oyenda pansi mothandizidwa ndi mfuti za Gatling, zowomba zipolopolo zambiri motsatizana, za John Parker, zimene zinachititsa a Spain kulephera kudzutsa mutu.

Ana a m'kalasi mwanu muwauzenso kuti pa Kettle Hill panali asilikali akuda a 9th ndi 10th Cavalry, akatswiri a zaka zambiri pa ntchitoyi, amene anakwera limodzi ndi a Rough Riders, mizere itasokonekera. Nkhondo itangotha Roosevelt anawayamikira poyera. Koma polemba mbiri ya gulu lake mu 1899 ananena kuti asilikali akuda amadalira kwambiri mabwana achizungu, n'kusimba kuti anaopseza ena ndi mfuti kuti asabwerere m'mbuyo. Sajeni Presley Holliday wa 10th Cavalry anamuyankha m'nyuzipepala kuti anthuwo anali atatumidwa kukanyamula ovulala ndi zida zokumbira. Kwa ine, apa m'pamene Roosevelt anadzichotsera ulemu, chifukwa buku lake linawerengedwa ndi dziko lonse pomwe yankho la Holliday analiona ndi ochepa.

Asilikali a Spain a mumzinda wa Santiago anagonja pa 17 Julayi, koma malungo, kamwazi ndi yellow fever zinayamba kugwetsa anthu kuposa zipolopolo. Roosevelt anagulira anyamata ake nyemba ndi ndalama za m'thumba. Akuluakulu a asilikali atafuna kukakamiza boma kuti liwabweze kwawo, iye, poti sankaopa kuwononga ntchito yausilikali, analemba kalata yake yolimba n'kusainanso ya onse, ndipo zonse zinatulukira m'nyuzipepala. Alger anapsa mtima. Mu Ogasiti gululo linafika ku Montauk, New York, ndipo pa 15 Sepitembala linathetsedwa, lisanakwanitse n'komwe miyezi isanu.

Zili ngati paukwati: alendo amakumbukira amene anagwira chimkuzamawu, osati tcheyamani wa komiti amene anapeza holo ndi mpunga. Roosevelt anali ndi atolankhani ngati Richard Harding Davis pambali pake, komanso cholembera chake. Mu Novembala 1898 anasankhidwa kukhala bwanamkubwa wa New York, ndipo mu Sepitembala 1901, McKinley ataphedwa, anakhala pulezidenti. Mendulo yapamwamba ya Medal of Honor, imene anaifunitsitsa koma anamumana, inaperekedwa mu 2001, iye atamwalira kalekale mu 1919.

Wood naye sanathere pomwepo. Analamulira Cuba kuyambira 1899 mpaka 1902, ndipo mu 1910 anakhala mkulu wa asilikali onse apamtunda. Mbiri yake ili ndi banga lalikulu: mu 1906 ku Bud Dajo, ku Philippines, asilikali a pansi pake anapha mazanamazana a Amoro, Asilamu a kumwera kwa dzikolo, amayi ndi ana omwe. Mu 1920 anafuna kuimira chipani cha Republican pa chisankho cha pulezidenti, akudalira otsatira a malemu mnzake uja, koma chipanicho chinasankha Warren Harding.