Skateboard ya galu: yambani mwamuyeza galuyo

FUNSO: Achimwene, ndikulemba kuchokera ku Cape Town, komwe ndimasamalira maluwa ndi kapinga pakhomo pa anthu ena. Ntchito ina yomwe ndili nayo ndi yoyendetsa galu wawo m'mawa m'mbali mwa nyanja ku Sea Point. Galuyu ndi wa mtundu wa bulldog, ali ndi zaka ziwiri, ndipo amalemera makilogalamu 23. Akangoona anyamata akudutsa pa skateboard, thabwa la matayala lija, sagwirika. Tsiku lina mnyamata wina anamusiyira thabwa lake, iye n'kuikapo miyendo yakutsogolo n'kuyamba kukankha. Abwana ataona kanema yemwe ndinajambula pafoni anaseka mpaka misozi, kenaka anandipatsa ndalama kuti ndikamugulire yake. Kusitolo andionetsa mitundu itatu: kakang'ono kapulasitiki, ya thabwa imene anyamata amadumpha nayo, ndi ina yaitali yomwe akuti longboard. Ndigule iti? Komanso kodi sindimupweteka galu wa eni? — *Wowerenga wa ku Cape Town*

YANKHO: Achimwene, ndalamazo zikhale kaye m'thumba. Pezani katoni yaikulu, muiyale pansi, galuyo aimirirepo mmene amaimira masiku onse, ndiye mulembe ndi cholembera pomwe paponda phazi lililonse. Mukatero yezani kuchokera kunja kwa phazi lakumanja kukafika kunja kwa phazi lakumanzere, kenaka kuchokera kumapazi akutsogolo kukafika akumbuyo. Manambala awiri amenewa ndiwo mupite nawo kusitolo. Wogulitsayo amadziwa za mapazi a anthu, ndipo munthu amaima chopingasa pathabwa, phazi lina kutsogolo lina kumbuyo. Galu amaima atayang'ana kumene akupita, mapazi anayi onse akufuna malo, ndipo bulldog ndi wa chifuwa chotakata, miyendo yakutsogolo yotang'adza.

Kakang'ono kapulasitikiko kaiwaleni. Timatabwa ta mtundu umenewo, monga ta Penny, timatalika masentimita pafupifupi 56 ndipo m'lifupi ndi 15 okha. Galu wa makilogalamu 23 sangakwanepo, angoponda phazi limodzi n'kukagudubuza.

Ya anyamatayo nthawi zambiri imakhala masentimita 20 m'lifupi ndi 80 m'litali. Pomva 80 munthu n'kuganiza kuti malo alipo ambiri, koma yang'anani bwino: mbali zonse ziwiri, kutsogolo ndi kumbuyo, thabwalo linapindikira m'mwamba. Anapanga dala kuti mnyamata akaponda kumapetoko thabwa lizidzuka, iye azidumpha nalo. Galu sadziwa zimenezo. Akaponda kumapeto, kupyola pomwe pali matayala, mbali inayo imadzuka n'kumumenya pachibwano, ndipo galu amene wamenyedwa chotero patsiku loyamba kawirikawiri sabwereranso pafupi. Malo athyathyathya enieni, apakati pa matayala, ndi ochepera theka la mita.

Ndiye pa zitatu mwaonazo, ine ndikuloza longboard, kapena ina yofanana nayo imene amati cruiser, bola ikhale ya masentimita 23 mpaka 25 m'lifupi. Mulingo wanga ndi woti mbali iliyonse patsale malo okwana zala ziwiri kunja kwa phazi. Koma si longboard iliyonse. Ilipo ina yopangidwa kuti izinepa munthu akakwera. Muiponde pakati m'sitolo momwemo, ikamawerama ngakhale pang'ono musiye. Fufuzani youma gwa. Matabwa abwino amamatiza timatabwa topyapyala 7 kapena kuposa ta mtengo wa maple, ndipo mukayang'ana m'mbali timizere take timaoneka. Fufuzaninso yathyathyathya, yopanda mchira wautali kumbuyo kwa matayala. Kutalika kwake kuchokera pansi nakonso n'kofunika kwa galu wa miyendo ifupiifupi, chifukwa amakankha ndi mwendo umodzi kapena iwiri kwinaku inayo ili pamwamba. Thabwa lotsika ndi labwino, koma ambiri mwa matabwa otsikitsitsa anawadula m'makona kuti matayala aonekere pamwamba. Munthu wovala nsapato alibe nazo vuto. Phazi la galu likhoza kukhudza tayala lomwe likuzungulira. Ine ndimasankha loti thabwa likuphimba matayala.

Tsopano litembenuzeni, chifukwa zenizeni zili pansipo. Zitsulo ziwiri zimene zimagwira matayala zili ndi nati yaikulu pakati, yomwe imapana timalabala tiwiri. Natiyo ikakhala yomasuka, thabwa limapendekera uku ndi uku, ndipo m'mene anthu amakhotera ndi momwemo. Kwa galu wongoyamba kumene zimakhala ngati mwamuimika m'bwato tsiku la mwera. Tengani sipanala ya 14, mumange mpaka thabwa lizipendeka movutikira, koma osafinya malabalawo mpaka kuphwanyika. Akadzazolowera mudzamasula pang'onopang'ono, ndipo mudzadabwa kuona akuphunzira yekha kukhota potsamira mbali imodzi. Nati zakumatayala, za sipanala ya 13, mukhoza kuzimangako pang'ono masiku oyambirira kuti matayala asamathamange. Apa mpomwe ndimasiyana maganizo ndi ogulitsa: adzakuuzani za mabeling'i othamanga a mtengo wapamwamba, inu musatulutsepo ndalama. Liwiro ndilo simukulifuna.

Matayala ali ndi nambala yotsatana ndi chilembo A, yosonyeza kuuma kwake. A 99A kapena 101A ndi olimba kwambiri, amachita phokoso, ndipo akakumana ndi kamwala kakang'ono amaima dzidzidzi, wokwerayo n'kupitirira yekha. A 78A kufika cha m'ma 85A ndi ofewa, amayenda mwakachetechete ndipo amakwera timiyala ndi ming'alu ya msewu. Tengani ofewawo, a mamilimita 60 mpaka 65. Phokoso musalipeputse. Makutu a galu amamva zambiri kuposa athu, ndipo kunjenjemera kwa thabwa kumamufika m'mapazi opanda nsapato.

Pamwamba pa thabwa pamakhala chipepala chakuda chokhakhala, chomwe kwenikweni ndi sandipepa. Chimagwira bwino nsapato, koma galu akamakwera n'kutsika, kukwera n'kutsika, chimapala zikhatho mpaka kutuluka magazi, ndipo bulldog yemwe wakondwa sasiya msanga ngakhale zikupweteka. Chimatuleni, kapena matanipo pamwamba pake kachidutswa ka mphasa ya labala yonga yochitirapo masewera olimbitsa thupi. Kapeti yopyapyala imagwiranso ntchito. Muwengeninso zikhadabo, chifukwa zikatalika phazi silikhala pansi lonse.

Agalu amene anatchuka ndi masewerawa ambiri ndi a mtundu womwewu. Tillman wa ku California analowa m'buku la Guinness, lolemba ochita zoposa onse padziko, mu 2009 atayenda mamita 100 m'masekondi 19.678 pa masewera a X Games ku Los Angeles. Liwiro limenelo ndi la makilomita pafupifupi 18 pa ola. Otto, wa ku Lima m'dziko la Peru, mu November 2015 anadutsa pansi pa miyendo ya anthu 30 omwe anaima pamzere atatang'adza. Thupi la bulldog ndi lolemera, lotakata ndiponso lili pafupi ndi nthaka, n'chifukwa chake sagwa wamba. Tsono thupi lomwelo ndilo likundidetsa nkhawa pa funso lanu lachiwiri.

Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife. Amadziziziritsa popuma wefuwefu lilime lili panja. Bulldog anamuswanitsa kuti akhale wa mphuno yophwatalala, koma minofu ya m'kamwa ndi kukhosi sinachepe molingana ndi mphunoyo, choncho njira ya mpweya ndi yopanikizika. Kuliza mkonono kumene anthu amaseka kuja ndi chizindikiro cha vuto limeneli. Ku Netherlands boma linafika poletsa kuswanitsa agalu a mphuno zazifupi kwambiri pa chifukwa chomwechi. Thupi la galu wabwinobwino limatentha madigiri 38 mpaka 39. Likapitirira 41 moyo wake uli pachiswe, ndipo bulldog amene akuthamangitsa thabwa padzuwa amafikapo msanga. Kumeneko ku Cape Town kuyambira December mpaka February dzuwa limakhala lamphamvu, ndiye masewerawa azichitika m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, mphindi zisanu, kenaka madzi ndi mthunzi. Ikani kuseri kwa dzanja lanu pansi pamene azisewerapo; ngati simungapirire kwa kanthawi, mapazi akenso apsa. Mukaona lilime likuda kapena kusanduka labuluu, dovu likuchuluka, kupuma kukumveka ngati akutsamwa, kapena akudzandira, siyani pomwepo, mumuthire madzi ozizira thupi lonse, muthamange naye kwa dokotala wa ziweto.

Ndipo popeza mwati ndi galu wa eni, mverani ine, galu wamkota sakandira pachabe: musayambe abwanawo asanapite naye kwa dokotala kuti akamuone mtima, mapumidwe, chiuno ndi mawondo. Agalu a mtundu umenewu amavutika kwambiri ndi mfundo za m'chiuno. Lero abwana akuseka kanema, koma galuyo akadzayamba kutsimphina funso lidzabwera kwa amene anagwira chingwe. Chilolezo cha dokotala chimveke m'makutu mwawo, osati mwanu mokha.

Pophunzitsa, yambirani pakapinga kapena pakapeti pomwe matayala sayenda. Akalinunkhiza thabwalo, mupatseni kanyama. Akaikapo phazi, kanyama kena. Musamunyamule n'kumuika pamwamba, akwere yekha. Akafika poima ndi miyendo yonse inayi osatekeseka, mpamene mungamalisuntha ndi dzanja pang'ono chabe. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo agalu ena zimawatengera milungu. Avale chomangira pachifuwa, osati lamba wa m'khosi, chifukwa khosi lake ndi lopanikizika kale. Osamumangirira kuthabwa, osapita naye pamtsetse, osayandikira msewu wa magalimoto. Ku Sea Point kumadzaza anthu othamanga, ana ndi okalamba, ndipo thabwa lopulumuka limathyola akakolo a munthu, choncho pezani bwalo lathyathyathya lopanda anthu. Mukatha, libiseni thabwalo. Mukalisiya poyera mudzapeza atatafuna m'mbali monse, n'kumezanso tizibenthu.

Chinanso muone: agalu ambiri amene amalusira skateboard sakufuna kukwera ayi, akufuna kuluma matayala. Wanuyu poti anaikapo mapazi yekha, chiyembekezo chilipo. Koma akamangolimbana ndi matayala, mubwerere kukapinga.

FUNSO: Bambo, mwana wanga wa zaka 12 anaona kanema wa galu pa skateboard pafoni ya amalume ake. Wakhoma thabwa, waikako mabeling'i omwe anatola kugalaja, ndipo akumakweza kagalu kathu kachikuda ka miyezi inayi n'kumakakankha pamtsetse wa kuseri kwa nyumba. Tsopano kagaluko kakamuona kakumathawira pansi pa nkhokwe. Ndimuletse, kapena kazolowera? — *Mayi wa ku Zomba*

YANKHO: Mayi, muletseni lero lomwe, koma osamukalipira, chifukwa mwana amene wakhoma yekha chinthu choyenda ali ndi mutu wabwino. Kagaluko kayankha kale pothawira pansi pa nkhokwe. Sikazolowera, mantha ndiwo azikula, ndipo galu wamantha ndi amene amadzaluma, kawirikawiri mwana yemwe amamuchititsa manthayo.

Pa miyezi inayi mafupa amakhala asanakhwime. Kumapeto kwa mafupa a miyendo kumakhala kofewa mpaka galu atakwanitsa chaka kapena kupitirirapo, ndipo kukavulala pamenepo mwendo ukhoza kukula mokhota moyo wake wonse. Mabeling'i achitsulo opanda labala amalira kwambiri, amatererera m'mbali, ndipo pamtsetse palibe chowaimitsa. Agalu athu achikudawa ndi a miyendo italiitali ndi chifuwa chopyapyala. Wanga, Kaduka, amatha kuyenda nane tsiku lonse osatopa, zomwe bulldog sangayerekeze, koma pathabwa loyenda amakhala pamwamba kwambiri ndipo sachedwa kupepesuka.

Mwanayo mumupatse ntchito ina. Achotse mabeling'iwo, thabwalo aliike pansi, atenge mitu ya usipa, aphunzitse kagaluko kubwera akakaitana, kukhala pansi, ndi kukwera pathabwa losayendalo mwa kufuna kwake. Poyamba asakalondole, akhale pansi chapatali, aponye usipawo, kabwere kokha. Zidzatenga masiku kuti kayambenso kumukhulupirira. Ndipo poti kapitirira miyezi itatu, pitani nako kwa alangizi a ziweto kakabayitse katemera wa chiwewe ngati simunatero, mufunsenso mankhwala a njoka zam'mimba. Mwanayo apite nanu, ndipo kagaluko anyamule ndi iyeyo.