Bambo akuti musauze munthu za shuga wawo, ine ndikuti uzani

Kalata imene yandikhazika pansi lero yachokera kwa mayi wina wa ku Santhe. Amuna awo anapezeka ndi matenda a shuga miyezi 4 yapitayo, asiyiratu nsima, akuonda, ndipo alamula kuti nkhaniyi isatuluke pakhomo, ngakhale kwa ana awo omwe. Funso lawo ndi lakuti, kodi munthu wa shuga angakhalenso ndi moyo wokoma? Amayi, kalata yanu ndinaiwerenga kawiri, ndipo ulendo wachiwiriwo ndinagwidwa manyazi, chifukwa zimene akuchita bambowo ndi zimene ndinachita ineyo m'chaka cha 2016.

Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale kudera la Chamama. Ludzu silinkandithera, usiku ndinkadzuka kasanu kupita kuseri, ndipo lamba wa buluku ndinamuboola ndi msomali kawiri m'teremu imodzi. Kuchipatala atandiyeza m'mawa ndisanadye kanthu, makina anaonetsa 14, pamene 7 yokha ndi yokwanira kuti adokotala anene kuti munthu ali ndi shuga. Anandiyambitsa mapiritsi a shuga otchedwa metformin, patapita miyezi nkuwonjezera ena otchedwa glibenclamide. Kabuku kanga ka kuchipatala ndinakabisa pansi pa matiresi, ndipo mayi a kunyumba ndinawauza mawu omwewo amene inu mwauzidwa. Anthu anali atayamba kale kunong'onezana za kuonda kwanga, ena akuti ndi kachilombo, ena akuti ndalodzedwa chifukwa fodya wanga anagulidwa bwino ku Chinkhoma, ndipo ine ndinaganiza kuti kukhala chete ndiko ulemu wa mwamuna.

Chinsinsicho chinathera pa maliro, mwezi wa Julayi. Ndinamwa mankhwala anga mbandakucha ndi madzi okha, poganiza kuti ndikadya komweko, nkupalasa njinga ulendo wa ola lathunthu. Mukudziwa mmene mwambo wa maliro umatalikira kwathu kuno: ayankhule a kuchimuna, a kuchikazi, amfumu, a mpingo, ndipo chakudya chimadikira mpaka anthu atabwerako kumanda. Popeza ndine mphunzitsi, anandipatsa kope kuti ndiwerenge mayina a amene apereka chipepeso. Ndili mkati mowerenga, thukuta linayamba kutsika ngakhale kunali chisanu, kope linkanjenjemera m'manja, zilembo zinkasokonekera, ndipo lilime linalemera moti dzina la mudzi umene ndimaudziwa bwino linandikanika kutchula. Ndinamva munthu wina kumbuyo akunena kuti, "Aphunzitsi ayamba kale kachasu m'mawa muno?" Anyamata awiri anandigwira m'khwapa nkukandigoneka pansi pa mtengo wa mango kuti mowawo uthe.

Amene anandipulumutsa anali gogo wina wa pa gulu lophika, yemwe malemu amuna ake anadwalapo matenda omwewa. Anagwada pambali panga nkufunsa chapansipansi kuti, "Bambo, mumamwa mankhwala a shuga?" Nditagwedeza mutu, anathamangira ku mafuwa nkubwera ndi kapu ya madzi osungunuliramo masupuni atatu a shuga. Patapita mphindi ngati 15 maso anayera, ndipo anandipatsa mbatata yootcha. Kenako anandiuza kuti, "Aphunzitsi, mukadafera pakati pa anthu ngati muli nokha m'tchire."

Chimene chinachitika ndi ichi. Glibenclamide amakakamiza kapamba kutulutsa insulin, timadzi timene timatsitsa shuga m'magazi, kaya munthu wadya kapena sanadye, ndipo ukawonjezerapo ntchito yolemetsa monga kupalasa njinga kapena kulima, shuga wa m'magazi amatsika kupitirira muyezo. Akafika pansi pa 3.9, kapena pansi pa 70 pa makina owerenga mwa njira inayo, ubongo umayamba kusowa chakudya chake, ndipo munthu amaoneka ndendende ngati woledzera. Shuga wokwera amawononga maso, impso ndi mitsempha pang'onopang'ono kwa zaka zambiri, koma shuga wotsika akhoza kukomola munthu tsiku lomwelo. N'chifukwa chake ndikunena mosapsatira kuti lamulo limene bambo aika pakhomo panu ndi loopsa kuposa mbale ya nsima imene akuithawayo. Munthu womwa mankhwala otere, amene wasiya kudya mokwanira, ndipo palibe womuzungulira amene akudziwa, akudziika yekha pansi pa mtengo wa mango uja, ndipo si pa maliro aliwonse pamene pamapezeka gogo wodziwa.

Ndipo tikubisa chiyani kwenikweni? Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita pamodzi ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO m'chaka cha 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, anthu 5.6 pa 100 aliwonse anali ndi shuga wokwera. Pa chinamtindi cha anthu chimene chinasonkhana pa maliro aja, sindinali ndekha, kungoti aliyense anabisa kabuku kake monga ndinachitira ine. Kubisaku ndiko kumalemeretsa ogulitsa zitsamba a m'minibasi za pa msewu wa Kasungu kupita ku Lilongwe, amene amanyamula mabotolo a madzi owawa nkumalonjeza kuti shuga atheratu m'masabata awiri. Ine ndinagulapo, mobisa ndithu, ndipo ndinasiya mankhwala a kuchipatala kwa mwezi wathunthu mpaka maso anayamba kuchita chifunga. Maganizo akuti chowawa chimapha chotsekemera amakoma m'khutu, koma kapamba sadziwa kuwawa kwa nimu. Munthu amene akukuuzani kuti musiye mankhwala kuti mugule botolo lake ndi wakuba, ngakhale atayamba malonda ake ndi pemphero.

Pali chifukwa china chimene abambo timabisira, ndipo ndichitchula mwaulemu chifukwa mwina ndicho chagona pansi pa lamulo lija. Shuga akakhala wokwera nthawi yaitali amafooketsa mitsempha, ndipo abambo ambiri amaona mphamvu za m'nyumba zikuchepa. Mwamuna amalolera kuti anthu amunene ufiti kusiyana n'kuti adziwe zimenezi. Ngati zili choncho, musawakalipire kapena kuganiza kuti apeza wina. Imeneyi ndi nkhani yoti akaitule kwa adokotala, pakuti thandizo lilipo, ndipo kusunga shuga pa muyezo kumateteza zimene zatsala.

Enanso amaopa kuti akamapitapita ku kiliniki adzawayambitsa jakisoni, ngati kuti insulin ndi belu la maliro. Asanatulukire insulin Frederick Banting ndi Charles Best ku Toronto mu 1921, ana opezeka ndi shuga sankakhalitsa, ndipo n'chifukwa chake tsiku lokumbukira matendawa pa dziko lonse ndi 14 Novembala, tsiku limene Banting anabadwa. Ineyo ndakhala ndikudzibaya kwa zaka 3 tsopano, ndipo popeza insulin amafuna malo ozizira, magetsi akazima kabotolo kake kamakhala m'kamtsuko kadothi kozizira pakona pa chipinda. Ndimalimabe mtedza ndi soya.

Za nsima

Palibe chifukwa choti bambo asiyiretu nsima, ndipo kuonda kwawoko kukhoza kukhala njala chabe kapena chizindikiro chakuti shuga akadali wokwera, zomwe ndi makina okha angasiyanitse. Vuto lathu kuno ku Kasungu ndi lakuti timanyadira ufa woyera, wokonola ndi kuviika mphale mpaka gaga yense atachoka, ndipo mgaiwa timauona ngati chakudya cha ana a sukulu yogonera komweko kapena cha nthawi ya njala. Komatu gaga uja ndiye amathandiza kuti shuga asathamangire m'magazi. Mgaiwa nawo ndi chimanga ndithu, choncho mitanda isanu ya mgaiwa si mankhwala. Ine ndimadya mtanda umodzi waukulu ngati chibakera changa, ndiwo nkuchulukitsa: bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera, therere, nyemba, usipa. Zimene ndinasiya ndi zakumwa zotsekemera, thobwa wothira shuga, ndi tiyi wa masupuni anayi uja, ndipo chimene chinatipeputsira moyo n'chakuti banja lonse linayamba kudya mphika umodzi, m'malo mondiphikira kampoto kanga kandekha ngati mkaidi.

Tsono yankho la funso lanu ndi lakuti inde, moyo umakomanso, ndipo wanga unayamba kukoma anthu atadziwa. Apite ku kiliniki pa tsiku limene analembedwa, inu muwaperekeze, mukanene za kuondako. Asamwe mankhwala nkudumpha chakudya. Ayende ndi masiwiti atatu m'thumba, asayende opanda nsapato kumunda, ndipo madzulo aliwonse muziwaona kumapazi ngati pali bala, chifukwa mitsempha ikafa munthu amaponda minga osamva. Akayamba thukuta ndi kunjenjemera apatseni madzi a shuga, koma akakomoka musawathire kanthu m'kamwa, thamangirani nawo kuchipatala. Za lamulo lija, musaliphwanye kumbali. Awerengereni nkhani ya pa maliroyi, kenako muwapemphe kuti asankhe okha anthu atatu oti adziwe. Woyamba akhale mwana amene amapita nawo kumunda.